Mmene mungayezere mapulogalamu a zinthu zamakedzana a pa TV ya ku Britain musananene kuti alowa pansi

Ku Britain, nthawi ya nkhomaliro ikakwana pakati pa sabata, BBC One imaonetsa Bargain Hunt. Chakumadzulo kumabwera Antiques Road Trip kapena ina yofanana nayo, ndipo ku ITV kwakhala kuli Dickinson's Real Deal. Anthu amene aonera mapulogalamu amenewa kwa zaka zambiri, makamaka opuma pantchito ndi ena amene amaswera pakhomo, ali ndi dandaulo limodzi losatha: akuti zinthu zalowa pansi. Amati kale munthu ankadzuka pampando ataphunzira kusiyanitsa siliva weniweni ndi wongokutira, pomwe lero kwachuluka nthabwala, nyimbo ndi kubwereza zomwe mwaona kale. Dandauloli lili ndi mfundo, ndipo ife tikugwirizana nalo pa zinthu zingapo. Vuto ndi loti likanenedwa mwachisawawa silipita patali, chifukwa opanga pulogalamu amangoyankha kuti anthu akuonerabe. Chimene chimagwira ntchito ndi kuyeza. Mufunika wotchi, kope, cholembera ndi masamu pang'ono.

Dziwani kaye mtundu wa pulogalamu imene mukuiweruza

Ambiri amalakwitsa poyambirira penipeni, poika mapulogalamu onsewa m'dengu limodzi. Antiques Roadshow, yomwe inayamba mu 1979 ndipo Fiona Bruce wakhala akuitsogolera kuyambira 2008, si ya masana. Imaulutsidwa Lamlungu madzulo, ili ndi akatswiri ambiri, ndipo ntchito yake ndi kufotokoza chinthu ndi kunena mtengo wake. Palibe chimene chimagulitsidwa pamenepo. Mukatenga muyezo wake n'kuyezera Bargain Hunt ndiye kuti mwayeza mpunga ndi chitini cha mchere.

Bargain Hunt, yomwe inayamba mu 2000 ndi David Dickinson, kenako n'kukhala zaka zambiri m'manja mwa Tim Wonnacott, ndi mpikisano. Magulu awiri, ofiira ndi abuluu, amapatsidwa £300 gulu lililonse, ola limodzi ndi katswiri mmodzi, kuti agule zinthu zitatu pamsika wa zamakedzana n'kukazigulitsa pa okushoni. Ndalama zotsala amapatsa katswiri kuti akagule chinthu chachinayi, chomwe gulu likhoza kuchilandira kapena kuchikana. Antiques Road Trip, ya 2010, nayonso ndi mpikisano, koma wa akatswiri awiri oyenda pa galimoto yakale. Kwa zaka zambiri aliyense ankayamba ndi £200, ndipo phindu limapita ku Children in Need, bungwe la BBC lothandiza ana. Mtundu wachitatu ndi wa anthu obweretsa katundu wawo kuti agulitse: Flog It! ya Paul Martin ndi Cash in the Attic, zonse za 2002, komanso Dickinson's Real Deal ya 2006, momwe wamalonda amaika ndalama patebulo ndipo mwini katundu amasankha kulandira kapena kukayesa mwayi ku okushoni.

Lembani mtunduwo pamwamba pa tsamba lanu. Pulogalamu ya mpikisano musaidzudzule chifukwa choti muli mpikisano. Ngakhale Going for a Song, yomwe inayamba mu 1965 n'kutchukitsa Arthur Negus, inali masewera olosera mtengo. Funso loyenera ndi lakuti mkati mwa masewerawo, chinthu chamakedzanacho chikupatsidwa nthawi yochuluka bwanji.

Wotchi ndi kope

Sankhani gawo limodzi lomwe mungathe kuliimitsa ndi kulibweza, monga pa iPlayer kapena ITVX, malo a pa intaneti oonerapo mapulogalamu a BBC ndi ITV, kapena lomwe mwalijambula nokha. Gawani tsamba m'mizere inayi. Mzere woyamba ndi wa nthawi imene chinthu chili pamaso panu ndipo wina akuchifotokoza: anachipanga ndani, liti, ndi chiyani, chawonongeka pati. Wachiwiri ndi wa kunenerera mtengo ndi kugulitsa pa okushoni. Wachitatu ndi wa macheza, kudziwitsa opikisana, malo okongola ndi nkhani za mbiri ya dera. Wachinayi ndi wa kubwereza: zija zoti "zikubwerazi ndi izi", "tiyeni tikumbutsane zomwe agula", ndi chithunzi chilichonse chimene mwachiona kachiwiri.

Onerani ndi wotchi ya pafoni m'manja, ndipo nkhani ikasintha imitsani n'kulemba masekondi pa mzere wake. Gawo la mphindi 45 lidzakutengerani pafupifupi ola ndi theka ulendo woyamba. Musafupikitse poyerekeza ndi maso, chifukwa diso limanama: macheza osakusangalatsani amaoneka aatali kuposa mmene alili, ndipo kufotokoza kwabwino kumaoneka ngati kwatha msanga.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi mawu otamanda omwe amamveka ngati kufotokoza. Katswiri akanyamula mphika n'kunena kuti ndi wokongola, wamakono ndithu, anthu akuukonda masiku ano, sanafotokoze kanthu. Masekondi amenewo apite ku mzere wa macheza. Akautembenuza n'kukuonetsani chidindo pansi pake, apo ndiye mzere woyamba. Msampha wachiwiri ndi zotsatsa malonda. Pa ITV ola limodzi si mphindi 60 za pulogalamu. Malamulo a Ofcom, bungwe loyang'anira kaulutsidwe ku Britain, salola kupyola mphindi 12 za zotsatsa mu ola limodzi, koma mphindizo zikachotsedwa, pamodzi ndi zolengeza mapulogalamu ena, zotsala ndi zomwe muyenera kuwerengera. Kumbukiraninso kuti kupuma kulikonse kumabala kubwereza kuwiri, kwina musanapume, kwina mutabwerako. Pa BBC palibe zotsatsa, choncho kubwereza kukachuluka kumeneko chifukwa chake chimakhala china: amafuna kuti amene watsegula TV pakati asasokonezeke, komanso kubwereza sikudya ndalama.

Gawo limodzi silikwanira. Yezani magawo osachepera atatu a chaka chino ndi atatu akale a pulogalamu yomweyo, ndipo chaka chake muchipeze kumapeto kwenikweni kwa mayina, pomwe BBC imalemba chaka m'manambala achiroma: MMXII ndi 2012, MMXXIV ndi 2024. Izi n'zofunika chifukwa magawo ambiri oonetsedwa masana ndi obwerezedwa, ena ofupikitsidwa. Ena mwa amene amadandaula kuti pulogalamu yalero yafooka akhoza kukhala akuonera gawo lakale osadziwa. Mukamaliza, gawani masekondi a mzere woyamba ndi masekondi onse. Kwa ife, pulogalamu ya zamakedzana imene kufotokoza kwenikweni sikufika gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yake yasiya ntchito yake, koma malirewo mukhoza kudziikira nokha, bola akhale amodzimodzi pa magawo onse.

Zimene katswiri ayenera kukuonetsani

Apa ndiye pagona nkhani. Nthawi ikhoza kukhala yochuluka koma zonenedwa zili zopanda pake, choncho muyenera kudziwa zimene katswiri wabwino sangadumphe.

Tiyambe ndi siliva, chifukwa ndi amene amaoneka pafupifupi m'gawo lililonse. Siliva wa ku Britain amakhala ndi tizidindo tating'onoting'ono tondondozana, ndipo kamera iyenera kuyandikira mpaka mutationa. Mkango woyenda cham'mbali umasonyeza siliva wa 925, kutanthauza magawo 925 mwa 1000, woyezedwa ku England. Kenako pali chizindikiro cha mzinda umene anamuyeza: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, nyumba yachifumu ya nsanja zitatu ndi Edinburgh, pomwe Sheffield inkagwiritsa ntchito chisoti chachifumu pa siliva mpaka m'ma 1970, kenako duwa la rozi. Pali chilembo chimodzi chosonyeza chaka, ndi zilembo za dzina la wopanga. Chilembo cha chaka n'chimene chimapusitsa ambiri, chifukwa afabeti imabwerezedwa, ndipo chimasiyanitsa zaka ndi kalembedwe ka chilembocho ndi maonekedwe a kachishango komwe chakhalamo. Komanso mizinda inali ndi ndondomeko zosiyana mpaka 1975. Ndiye katswiri akangonena kuti "cha Birmingham, 1905" osaonetsa nangula ndi chilembo, wakuuzani yankho koma sanakuphunzitseni. Chester inatseka ofesi yake yoyezera mu 1962, choncho chidindo chake chimakuuzani kale kuti chinthucho sichingakhale cha pambuyo pa chaka chimenecho. Zilembo EPNS zimatanthauza chitsulo chongokutidwa siliva, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri. Pa golide manambala ndi 375 wa makarati 9, 585 wa 14, 750 wa 18 ndi 916 wa 22. Katswiri wosamala amatchulanso kulemera kwake, chifukwa siliva ndi golide ali ndi mtengo wosungunulira umene chinthu sichitsika kuposa pamenepo kawirikawiri.

Pa ziwiya zadothi, pansi pa chiwiya ndi pamene pali kalata yake. Mawu akuti England anayamba kulembedwa kwambiri kuyambira 1891, chifukwa cha lamulo la ku America lofuna kuti katundu wolowa m'dzikomo asonyeze kumene wachokera, pomwe Made in England nthawi zambiri amasonyeza zaka za m'ma 1900. Kachizindikiro kooneka ngati dayamondi ka kaundula wa mapangidwe kankagwiritsidwa ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883, ndipo kuyambira 1884 kanalowedwa m'malo ndi nambala yotsogozedwa ndi Rd. Dziwani kuti zimenezi zimanena chaka chimene mapangidwewo analembetsedwa, osati chimene mphika uli m'manjawo unaotchedwa. Katswiri wosatchula kusiyana kumeneku akukusocheretsani pang'ono. Mayina monga Moorcroft, Clarice Cliff, Troika, Beswick ndi Royal Doulton amabwera mobwerezabwereza, ndipo ena mwa iwo, makamaka Clarice Cliff ndi Troika, ali ndi zachinyengo zambiri pamsika. Dzina lokha si umboni.

Onetsetsani manja a katswiriyo. Wodziwa ntchito amayendetsa chala m'mphepete mwa mbale kufunafuna pobenthuka, amaigogoda ndi chikhadabo kuti amve kulira kwake, chifukwa mbale yabwino imalira nthawi yaitali pomwe yong'aluka imangoti phu. Amaipendeketsa ku kuwala kuti aone pamene utoto wasiyana, ndipo ena amanyamula katochi ka kuwala kwa UV komwe kamaonetsa pomwe anamata. Pa mipando ndi makabati amasolola dilowa n'kuyang'ana mano a mfundo zake: odulidwa pamanja amakhala ochepa ndi osafanana bwinobwino, a makina amakhala ofanana ngati mano a chipeso. Amayang'ananso kuseri kwa zogwirira ngati pali mabowo akale, zomwe zimaulula kuti zogwirirazo zinasinthidwa, ndiponso ngati mutu ndi thupi la kabati zinabadwira limodzi kapena anazikwatitsa pambuyo pake. Izi zonse zimatenga masekondi 20 kapena 30 pa kamera. Zikasowa, si chifukwa choti katswiriyo sanachite; nthawi zambiri anachita, koma wodula filimu anazitaya kuti nthabwala ikwane. Pa kope lanu ikani chizindikiro pa chinthu chilichonse: kodi anatchula zaka zake, wopanga, chimene anapangira, ndi chilema chake? Zinayi zonse zikatchulidwa, chinthucho chalandira ulemu wake.

Mawu enanso oti muwatchere khutu ndi a msinkhu. Pamalonda amenewa chinthu chimatchedwa chamakedzana chikakwanitsa zaka 100. Zoseweretsa ana za m'ma 1970 ndi magalasi a Whitefriars a m'ma 1960 ndi zosonkhanitsa, ndipo palibe cholakwika kuzionetsa, koma werengani kuti mwa zinthu zonse za m'gawolo ndi zingati zapyola zaka 100. Nambala imeneyi ndi imodzi mwa zosavuta kufananiza pakati pa magawo akale ndi atsopano.

Phindu la pa TV ndi phindu la m'thumba

Chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo ingapo, ndipo pulogalamu yosanena kuti ikukamba za uti imabala mikangano m'mabanja. Pali mtengo wa inshuwalansi, womwe ndi waukulu kuposa yonse chifukwa ndi ndalama zogulira china chofanana nacho m'sitolo yapamwamba. Pali wa m'sitolo kapena pamsika. Pali woyerekeza wa okushoni, womwe umanenedwa ngati malire awiri, monga £80 mpaka £120, ndipo kawirikawiri amauika pansi dala kuti ukope ogula. Pali mtengo wotsikitsitsa umene mwini katundu wavomera, umene wogulitsa pa okushoni nthawi zina amaloledwa kutsikirapo pang'ono, mwina ndi 10 peresenti. Pomaliza pali mtengo umene kanyundo ka wogulitsa pa okushoni kagwera, womwe ndi mtengo umene chinthu chagulitsidwira. Pulogalamu yabwino imatchula dzina la mtengo nthawi iliyonse.

Tsopano masamu. Tiyerekeze kuti gulu lagula kabokosi ka siliva pa £60 ndipo kanyundo kagwa pa £80. Pa Bargain Hunt adzalemba phindu la £20, chifukwa pulogalamuyi sichotsa komishoni. Inu mukanakhala mwini wake sizikanatero. Tinene kuti nyumba ya okushoni ikudula 15 peresenti kwa wogulitsa: imeneyo ndi £12. Pa komishoniyo pali msonkho wa VAT wa 20 peresenti, £2.40. Mwatsala ndi £65.60, musanachotse zolipira zina monga za chithunzi, inshuwalansi kapena kulembetsa katundu, zomwe nyumba zambiri zimalipiritsa. Phindu lanu ndi £5.60, mafuta a galimoto osawerengera. Kuti mungobweza £60 yanu pa komishoni imeneyi, kanyundo kayenera kugwa pa £74, chifukwa pa paundi iliyonse mumalandirapo mapeni 82 okha. Wogula naye salipira £80. Nyumba zambiri zimawonjezera pakati pa 20 ndi 30 peresenti; pa 25 peresenti ndi £20, kuphatikiza VAT ya £4, zonse £104, ndipo wogula kudzera pa intaneti nthawi zambiri amawonjezeredwanso zina. Pakati pa £104 yotuluka m'thumba la wogula ndi £65.60 yolowa m'thumba la wogulitsa pasowa £38.40 yomwe pa TV simunaione.

Antiques Road Trip ndi Dickinson's Real Deal zimachotsa ndalama za okushoni pouza oonera zotsatira, ndipo pa mfundo imeneyi zimanena zoona kuposa Bargain Hunt. Chitani masamuwa pa zinthu zonse za m'gawo limodzi, ndipo mudzaona mapindu ang'onoang'ono ambiri akusanduka kuluza.

Pali chinanso chimene oonera okwiya ndi kuluza kwa magulu sachiganizira. Wamalonda weniweni amagula pa okushoni n'kukagulitsa pamsika monga wa Newark ku Nottinghamshire kapena wa Ardingly ku West Sussex. Opikisana pa Bargain Hunt amachita mosemphanitsa, kugula pamsika n'kukagulitsa pa okushoni, komwe ambiri mwa ogula ndi amalonda omwewo ofuna kupezapo kangachepe. Akupalasa bwato mokwera mtsinje. Ndiye kuluza kwawo si umboni woti akatswiri alero ndi ofooka. Kunalipo kuyambira 2000. Chimene mungadandaule nacho mwachilungamo ndi kutsitsa mtengo kopyola muyezo. Mwambo wa pamsika ndi kuchotsera pafupifupi 10 peresenti, koma pamaso pa kamera wamalonda amatha kuvomera theka la mtengo, mwina pofuna kuonekera kapena pomvera chisoni gulu. Woonera akapita kumsika n'kukayesa zomwezo amabwerako ndi manyazi, ndipo amalonda nawo amadandaula kuti mapulogalamuwa aphunzitsa anthu kunenerera mopanda ulemu. Lembani mtengo wolembedwa pa chinthu ndi mtengo womaliza, muone kusiyana kwake.

Zina si mlandu wa opanga pulogalamu

Musanatumize dandaulo, chotsani zimene zasintha kunja kwa TV. Mipando ndi makabati akuluakulu a matabwa oderapo a nthawi ya mfumukazi Victoria, omwe kale ankagulidwa ndalama zambiri, anatsika mtengo kwambiri chifukwa nyumba zamakono n'zazing'ono ndipo achinyamata sazifuna. Intaneti nayo inasintha zonse: wamalonda aliyense amaona pafoni pake mtengo umene chinthu chofanana chinagulidwa sabata yatha, kotero zobisika zotsika mtengo zachepa. Minyanga ya njovu inachoka pa matebulo chifukwa lamulo la Ivory Act la 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2022, linaletsa malonda ake kupatula zochepa zolembetsedwa, monga zinthu zopangidwa 1947 isanafike zomwe mnyanga wake sufika 10 peresenti.

Kukumbukira nako kumasankha. Timakumbukira chithunzi chija chimene wansembe wina anagula £400, n'kudzadziwika kudzera pa Antiques Roadshow mu 2013 kuti ndi cha wojambula wotchuka Van Dyck, kapena kachifanizo kakang'ono ka chiboliboli chachikulu cha Antony Gormley chotchedwa Angel of the North komwe mu 2008 anakayerekeza £1 miliyoni. Timakumbukira Paul Laidlaw akugula kamera yakale pa £60 pa Antiques Road Trip n'kuigulitsa £20,000. Masana mazanamazana a timitsuko ta £15 tinawaiwala. N'chifukwa chake tikuumirira kuti magawo akale muwaonere ndi wotchi yomweyo, osati kuwayeza ndi mtima.

Zikachotsedwa zimenezi, zotsala ndi zimene opanga angathe kuzikonza, ndipo n'zenizeni. Ndalama za laisensi ya TV zimene BBC imadalira zinaimitsidwa pa £145.50 kuyambira 2010 mpaka 2017, ndiponso pa £159 kuyambira 2022 mpaka 2024, pamene mitengo ya zonse inkakwera. Mapulogalamu a masana ndi amene amapangidwa ochuluka pa ndalama zochepa. Magawo angapo amajambulidwa pamsika umodzi ndi pa okushoni imodzi, ndipo mukhoza kuzindikira poona matebulo omwewo ndi wogulitsa yemweyo masiku otsatizana. Zotsatira zake ndi zinthu za mtundu umodzimodzi, nyimbo yosalekeza yomwe imaphimba mawu, makamaka kwa okalamba amene makutu ayamba kuvuta, mawu a wofotokoza odzaza nthabwala, ndi kamera yokonda nkhope kuposa chidindo. Kuti njira ina ilipo tikuonera The Repair Shop, yomwe inayamba pa BBC Two mu 2017: imalola kamera kukhala pa manja a mmisiri akugwira ntchito, ndipo anthu anaikonda mpaka inasamukira ku BBC One madzulo. Ena amaidandaula kuti misozi yachuluka kuposa umisiri, ndipo wotchi yanu ikhoza kuyezanso zimenezo.

Kumene mungatumize zimene mwapeza

Siyanitsani maganizo ndi dandaulo, chifukwa zimayenda njira zosiyana. Kunena kuti pulogalamu yafooka, nyimbo yakwera, kapena woitsogolera sakukusangalatsani ndi maganizo. Atumizeni ku BBC kudzera pa tsamba lake lolandirira ndemanga, kapena ku Points of View, pulogalamu youlutsa maganizo a oonera yomwe inayamba mu 1961; za ITV zipite ku ofesi yake yoyankha oonera. Ofcom siweruza zoti pulogalamu ndi yotopetsa. Imaona ngati malamulo a kaulutsidwe aphwanyidwa, ndipo limodzi mwa malamulowo limati pulogalamu yonena zenizeni isasocheretse oonera mowapweteka.

Ngati nkhani yanu ndi ya mtundu umenewo, monga mfundo yabodza yonenedwa ngati yoona, tsatani ndondomeko. Za BBC zimayamba ku BBC komweko, pasanathe masiku 30 ogwira ntchito kuchokera tsiku louluka pulogalamu, ndipo iwo amayesetsa kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito. Mukapanda kukhutira mumalembanso, kenako nkhani imapita ku nthambi yake ya Executive Complaints Unit, ndipo pambuyo pake m'pamene Ofcom, yomwe inayamba kuyang'anira BBC mu 2017, ingailandire. Ambiri amathamangira ku Ofcom poyamba n'kubwezedwa, masiku n'kumatha. Za ITV, Channel 4 ndi Channel 5 mukhoza kupita nazo ku Ofcom mwachindunji, pasanathe masiku 20 ogwira ntchito.

Kalata yake ikhale yaifupi. Tchulani dzina la pulogalamu, tsiku, ola ndi mphindi imene chinthucho chinachitika. Nenani chimodzi chokha pa kalata imodzi. M'malo molemba kuti pulogalamu yasanduka zachibwana, lembani kuti mwa zinthu zonse zimene zinagulidwa m'gawolo, ndi zingati zimene chidindo chake chinaonetsedwa, ndi masekondi angati amene anapita ku kubwereza, n'kuika pambali manambala a gawo lakale limene mwaliyeza ndi chaka chake. Pemphani chinthu chotheka: kuti kamera iziyandikira tizidindo kwa masekondi asanu, kuti mtengo wotsala komishoni itachotsedwa uzilembedwa pansi pa mtengo wa kanyundo, kuti nyimbo izitsika katswiri akamayankhula. Pewani kunyoza munthu ndi dzina. Kalata yotero imawerengedwa ngati chidani ndipo mfundo yanu imafera momwemo. Sungani nambala imene adzakupatsani poyankha, chifukwa mudzaifuna pa sitepe yotsatira, ndipo kope lanu la masekondi musalitaye mpaka nkhani itatsekedwa.